Tsamba loyamba ndi la ndani? Mmene misika ya pa intaneti imasanjira katundu wa ogulitsa

Munthu akatsegula Amazon n'kulemba kuti akufuna chaja ya foni, katundu wogwirizana ndi zimene walembazo amakhala masauzande ambirimbiri. Koma foni yake imangomuonetsa zinthu zitatu kapena zinayi, zinazo mpaka atatsitsa ndi chala. Ndiye kuti m'kanthawi kosakwana sekondi, penapake pamakhala patagamulidwa kuti mwa ogulitsa onsewo ndani aonekere poyamba, ndani akhale wa nambala 40, ndipo ndani akakhale patsamba lachisanu ndi chiwiri kumene wogula safikako. Kwa wogulitsa wamng'ono, chigamulo chimenechi ndi chimene chimasiyanitsa mwezi wa phindu ndi mwezi wodya mpamba.

Amene anachitapo geni pamsika wa Limbe amadziwa kuti benchi ya pageti siifanana ndi benchi ya kumapeto kwa mzere, ngakhale tomato akhale wa m'dimba limodzi. Pa intaneti nkhani ndi yomweyo, kungoti pali kusiyana kutatu kumene kumailemeretsa. Mabenchi ake amasanjidwanso mwatsopano wogula aliyense akangolowa. Malamulo a kasanjidweko amawadziwa mwini msika yekha. Ndipo m'misika ikuluikulu, mwini msikayo nayenso ali ndi benchi yake momwemo, akugulitsa chaja yofanana ndi yanu.

Kodi kukhala pamwamba kumapindulitsa motani? Manambala odalirika pankhaniyi anatuluka mu June 2017, pamene European Commission, bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, inalamula kampani ya Google kulipira chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa chokondera tsamba lake loyerekezera mitengo. Bungweli linapeza kuti pa kompyuta, zotsatira khumi za patsamba loyamba zimatenga pafupifupi 95 peresenti ya kudina konse, choyambirira chenicheni chimatenga pafupifupi 35 peresenti, pomwe choyamba cha patsamba lachiwiri chimangopeza pafupifupi 1 peresenti. Linapezanso kuti chinthu chimodzimodzicho mukachichotsa pa nambala 1 n'kuchiika pa nambala 3, ochidina amatsika ndi theka. Google si sitolo, koma maso a munthu ndi omwewo kulikonse kumene waikiridwa mndandanda. Ndipo pa foni, pamene malo ndi ochepa, wapamwamba amadya kwambiri kuposa pamenepa.

Wina angafunse kuti, kodi si chifukwa choti zapamwambazo ndiye zabwinodi? Funsoli ndi lovuta kuyankha, chifukwa pulogalamu yosanja imaika dala pamwamba zinthu zimene ikuganiza kuti anthu azikonda. Yankho lomveka linachokera ku Expedia, kampani yosungitsira malo ogona, imene kwa kanthawi inkaonetsa makasitomala ena mahotela osanjidwa mwachisawawa, osatsata ubwino kapena mtengo. Katswiri wina wa ku New York University, Raluca Ursu, anasanthula zimene zinachitika ndipo anazifalitsa mu 2018. Anapeza kuti ngakhale mndandanda ukhale wachisawawa, anthu amadinabe kwambiri zimene zili pamwamba. Koma anapezanso china chimene ogulitsa ambiri sachilabadira: munthu akadina kale n'kuyamba kuwerenga za hotelayo, malo amene inali pamndandanda sasinthanso maganizo ake pa zogula kapena kusagula. Tanthauzo lake n'lakuti malo apamwamba amakupatsa maso a anthu basi. Kutulutsa ndalama m'thumba mwawo ndi ntchito ya mtengo wako, zithunzi zako ndi mbiri ya katundu wako. Vuto n'lakuti amene sanaonedwe n'komwe alibe mpata wowonetsa kuti katundu wake ndi wabwino.

Chimene pulogalamu imawerengera

Pulogalamu yosanja katundu pa Amazon ogulitsa amaitchula kuti A9, kutengera kampani yaing'ono imene Amazon inakhazikitsa ku Palo Alto mu 2003 kuti izigwira ntchito yofufuzira. Mkati mwake simunaululidwe, koma ntchito yake ili pawiri, ndipo misika ina monga eBay, Etsy ndi Takealot imatsata njira yofanana.

Gawo loyamba ndi kusefa. Pulogalamu imayang'ana mawu amene wogula walemba n'kuwayerekezera ndi dzina la katundu, kafotokozedwe kake, gulu limene waikidwa ndi mawu ena obisika amene wogulitsa analemba kuseri. Ngati mukugulitsa chikwama cha laputopu koma simunalembe penapake kuti n'cha laputopu, mwina simulowa n'komwe mumpikisano. N'chifukwa chake maina a katundu pa misika imeneyi amakhala ataliatali osamveka bwino, mawu atangothithikana. Wogulitsa sakulembera inu, akulembera makina.

Gawo lachiwiri ndiye pagona nkhani. Mwa katundu amene wadutsa pa sefa, pulogalamu imalosera kuti ndi uti amene wogula ameneyu, lero lino, angadine n'kugula. Poloserapo imadalira mbiri: katunduyu ataonetsedwa kwa anthu ena amene analemba mawu omwewa, anadina angati? Mwa odinawo, anagula angati? Masiku apitawa wagulidwa kangati? Anabwezedwa kangati? Ali ndi nyenyezi zingati, ndemanga zingati? Afika liti pakhomo pa wogula? Mtengo wake uli pati poyerekeza ndi anzake? Khalidwe la wogulitsa limawerengedwanso. Amazon imafuna kuti maoda okhala ndi madandaulo asafike 1 peresenti, ndipo otumizidwa mochedwa asafike 4 peresenti. Wopyola malire amenewa akaunti yake ikhoza kutsekedwa.

Mukayang'anitsitsa mafunso onsewa muona kuti palibe limene likufunsa ngati chajayo ndi yolimba. Pulogalamu siinaigwirepo chaja. Chimene imadziwa ndi zimene anthu anachita m'mbuyomu, ndipo anthuwo anachita zimenezo pa katundu amene pulogalamu yomweyo inawaonetsa. Apa ndi pamene zinthu zimayamba kuzungulira: uli pamwamba chifukwa ukugulitsa, ukugulitsa chifukwa uli pamwamba. Amene anayamba kale, ali ndi ndemanga 20,000, tsiku lililonse amawonjezera umboni woti ndi woyenera malo akewo. Wobwera lero, ngakhale katundu wake apose wa onse, alibe mbiri, ndipo wopanda mbiri makina samukhulupirira.

Kuzungulira komweku kumagwiranso chobwerera m'mbuyo. Wogulitsa akangoti katundu wamuthera kwa milungu iwiri, mwina kontena yachedwa padoko, malonda amaima, mbiri ya masiku aposachedwa imafufutika, ndipo anzake amatenga malo aja n'kuyamba kudzikundikira mbiri yawo. Katundu akafika, sabwerera pamene anali. Amayambira pansi, ndipo kukwera kwake kumafuna ndalama. Ichi n'chifukwa chake ogulitsa odziwa ntchito, akaona kuti katundu watsala pang'ono, ena amakweza dala mtengo kuti malonda ayende pang'onopang'ono mpaka wina afike. Kwa munthu wa kunja zimaoneka ngati misala kuthamangitsa makasitomala, koma iwo akuteteza malo.

Misika imadziwa kuti kuzunguliraku kungaumitse mndandanda mpaka katundu watsopano osaonekanso, choncho ina imapereka kampata. Etsy, msika wa zinthu zopangidwa pamanja, imanena poyera kuti katundu woikidwa kumene imamukweza kwa kanthawi kuti ione mmene anthu amulandirire. Popeza kuika katundu pa Etsy kumadya masenti 20 a dola, ogulitsa ena anazolowera kumalipira masenti amenewa mobwerezabwereza kuti katundu wakale aoneke ngati watsopano. Lamulo lililonse limene msika waika, ogulitsa amalipezera njira, kenako msika umasintha lamulolo.

Pa Amazon pali mpikisano wachiwiri umene ogula ambiri sadziwa kuti uliko. Katundu mmodzi amakhala ndi tsamba limodzi, ngakhale omugulitsa akhale khumi ndi asanu. Mukadina batani logulira, oda yanu imapita kwa mmodzi yekha mwa iwo, amene Amazon yamusankha. Malo amenewa amatchedwa Buy Box, ndipo masiku ano kampaniyi imawatchula kuti Featured Offer. Ena onse amabisika kuseri kwa kamzere kakang'ono kamene anthu ochepa okha ndi amene amakadina. Bungwe loona za mpikisano pa malonda ku America, Federal Trade Commission, linalemba m'chikalata chake cha kukhoti kuti pafupifupi 98 peresenti ya zogula pa Amazon zimadutsa pa mabatani a m'bokosi limeneli. Choncho katundu akhoza kukhala pa nambala 1 pamndandanda, inu n'kukhala mmodzi wa omugulitsa, koma osagulitsa ngakhale chimodzi.

Kuti upate bokosili pamafunika mtengo wotsika, kufikitsa katundu msanga ndi mbiri yabwino. Zikumveka zachilungamo. Koma kufikitsa msanga kumayezedwa kwambiri ndi chizindikiro cha Prime, chimene chimaonetsa katundu amene makasitomala olipira umembala wa Amazon amamulandira mwachangu, ndipo njira yapafupi yopezera chizindikirochi ndi kusungitsa katundu wako m'nyumba zosungiramo katundu za Amazon kuti iwo azilongedza ndi kutumiza, ntchito imene inayamba mu 2006 ndipo ndi yolipira. Mu December 2021 boma la Italy, kudzera m'bungwe lake loona za mpikisano, linalamula Amazon kulipira mayuro oposa 1.1 biliyoni ponena kuti inamangirira mwayi wooneka bwino ku ntchito yake yotumiza katundu. Amazon inakana ndipo inakadandaula kukhoti.

Palinso nkhani ya mitengo ya kunja. Mlandu umene Federal Trade Commission pamodzi ndi maboma a zigawo 17 za America anasumira Amazon mu September 2023 ukunena kuti kampaniyi imayendera masamba ena a pa intaneti, ndipo ikapeza katundu wanu akutchipa kwina, ngakhale patsamba lanulanu, imakuchotsani mu Buy Box, zimene zimakugwetsaninso pamndandanda. Ngati zili choncho, ndiye kuti wogulitsa sangatsitse mtengo kumalo kumene komishoni ndi yochepa. Amakakamizika kukweza mitengo kulikonse kuti ifanane ndi ya pa Amazon, ndipo ngakhale munthu amene sagula pa Amazon amalipira nawo. Amazon imatsutsa zimenezi. Imati cholinga chake n'choti isamaonetse makasitomala ake mtengo wodula pamene wotchipa ulipo.

Malo apamwamba anasanduka a lendi

Zonse tafotokozazi zikukhudza mndandanda umene munthu amakwera popanda kulipira. Koma tsegulani Amazon lero n'kufufuza chilichonse. Zinthu zoyambirira zimene mudzaone, kawirikawiri mzere wonse woyamba, zimakhala ndi kamawu kotuwa kakuti Sponsored. Amenewa ndi malo ogula. Pa foni, munthu akhoza kutsitsa kawiri asanakumane ndi katundu woyamba amene wafika pamenepo chifukwa cha mbiri yake.

Malowa amagulitsidwa pa okushoni imene imachitika yokha nthawi iliyonse wogula akalemba mawu. Wogulitsa aliyense amaneneratu ndalama imene angalipire munthu mmodzi akadina katundu wake pa mawu akutiakuti. Makina amaphatikiza ndalamayo ndi mwayi woti katunduyo adinidwa, n'kusankha opambana. Umalipira pa kudina, osati pa kugula. Tiyerekeze kuti kudina kumodzi kukudya dola imodzi, ndipo mwa anthu khumi odina amagula mmodzi. Ndiye kuti chaja iliyonse imene mwagulitsa kudzera njira imeneyi yadya madola 10 a kutsatsa kokha. Ngati chajayo ndi ya madola 25, n'kuchotsaponso komishoni ya Amazon, imene pa katundu wambiri imakhala pakati pa 8 ndi 15 peresenti, n'kuchotsa ya kusunga ndi kutumiza, n'kuchotsa imene munaodera, mukhoza kupeza kuti mwagwirira ntchito ena.

Nanga amalipiriranji? Chifukwa cha kuzungulira kuja. Katundu wogulidwa kudzera pa malo olipira amawonjezera mbiri ya malonda, ndipo mbiriyo imamukweza pamndandanda waulere. Wogulitsa watsopano amalolera kuluza kwa miyezi ingapo, akugula maso a anthu, kuti apeze ndemanga zoyamba ndi malonda oyamba. Wakale naye sangasiye, chifukwa akangosiya, mnzake agula malo a pamwamba pa iye, ngakhale pa mawu amene ndi dzina la kampani yake yomwe. Ogulitsa ambiri amalipira kuti aonekere pamene kasitomala walemba dzina lawo lenileni, pongoopa kuti wina angawaimirire kutsogolo. Aliyense akulipira kuti akhale pamene akanakhala kale pakanapanda kulipira, ndipo ndalama yonseyo ikupita m'thumba limodzi.

Kukula kwa thumba limenelo kumaoneka m'malipoti a kampaniyo. Amazon inapeza madola pafupifupi 31 biliyoni kuchokera ku zotsatsa malonda mu 2021, pafupifupi 38 biliyoni mu 2022, pafupifupi 47 biliyoni mu 2023, ndi oposa 56 biliyoni mu 2024. Si zonse zimene zimachokera pa mndandanda wa katundu, koma gawo lalikulu ndi la kumeneko. Ogulitsa oima paokha ndi amene amagulitsa pafupifupi 60 peresenti ya zinthu zonse zogulidwa pa Amazon, ndipo Federal Trade Commission ikuti ukaphatikiza komishoni, kusunga, kutumiza ndi kutsatsa, ambiri a iwo amasiya pafupifupi theka la ndalama ya katundu aliyense m'manja mwa Amazon.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali vuto lenileni, kuposa nkhani zina zonse zimene zimatchuka. Pulogalamu yosanja poyamba inali ndi ntchito imodzi, yothandiza wogula kupeza chimene akufuna, ndipo phindu la msika linkabwera wogulayo akakhutira. Malo akayamba kugulitsidwa, msika umakhala ndi zofuna ziwiri zosemphana. Katundu woyenera kwambiri kwa wogula akhoza kukhala wa munthu amene sanalipire kalikonse, pomwe wosayenera walipira. Mbali za chikalata cha mlandu uja zimene zinaululidwa mu November 2023 zikunena kuti Jeff Bezos anauza akuluakulu a kampani kuti alole zotsatsa zambiri zosagwirizana ndi zimene wogula akufuna, chifukwa ndalama yake inkaposa zimene ankataya pokhumudwitsa makasitomala. Amazon inati zimenezo n'zosocheretsa. Khoti ndi limene lidzanene zoona, koma masamu ake safuna khoti: malinga ngati wogula alibe kwina kothawira, msika ukhoza kuipitsako mndandanda pang'ono n'kupindulabe.

Njira imeneyi yafalikira. eBay ili ndi Promoted Listings, Walmart ili ndi yake, Takealot nayo imagulitsa malo. Etsy inafika poti mu 2020 inalamula kuti wogulitsa aliyense wopeza madola oposa 10,000 pachaka azilowetsedwa mokakamiza m'zotsatsa za kunja kwa tsamba lake, n'kumadulidwa 12 peresenti pa malonda obwera kudzera njirayo. Chaka cha 2019 kampani yomweyo inali italengeza kuti ku America iziika patsogolo katundu wotumizidwa mwaulere. Kutumiza kwaulere kulibe, wina amalipira ndithu, choncho ogulitsa anayenera kusankha pakati pa kumeza mtengo wa positi, kuubisa mumtengo wa katundu, kapena kutsika pamndandanda. Palibe amene anawakakamiza ndi lamulo. Kungosintha kasanjidwe kunali kokwanira. Pamene Etsy inakweza komishoni kuchoka pa 5 kufika pa 6.5 peresenti mu April 2022, ogulitsa masauzande ambiri anatseka masitolo awo kwa sabata imodzi ponyanyala, koma komishoniyo siinatsike.

Mwini msika akakhalanso wogulitsa

Amazon ili ndi katundu wa maina akeake, monga Amazon Basics ndi Solimo. Imadziwa chimene wogulitsa aliyense akugulitsa, pa mtengo wanji, chikubwezedwa kangati, ndi mawu ati amene anthu akufufuza osapeza chowakhutiritsa. Ndipo ndi yomweyo imene imagamula woonekera poyamba. Mu October 2021 atolankhani a The Markup, atafufuza zotsatira za mawu masauzande angapo, anapeza kuti katundu wa Amazon ndi wa makampani ogulitsa pa Amazon pokha ankaikidwa pamwamba pa katundu wa ena wokhala ndi nyenyezi zambiri ndi ndemanga zambiri. Mwezi womwewo a Reuters anafalitsa zikalata za mkati mwa Amazon ku India zoonetsa kuti antchito ankatengera katundu wa makampani ena amene akuyenda malonda, kenako n'kukonza zoti katundu wawo watsopanoyo aziwoneka m'malo awiri kapena atatu oyambirira. Amazon inakana nkhani zonse ziwiri.

Ku South Korea nkhani yotere inafika pa chilango. Mu June 2024 bungwe loona za mpikisano m'dzikolo linalamula Coupang, msika waukulu wa pa intaneti kumeneko, kulipira mawoni (ndalama ya dzikolo) 140 biliyoni. Linati kampaniyo inkasintha kasanjidwe kuti katundu wake akhale pamwamba, komanso inagwiritsa ntchito antchito ake oposa 2,000 kulemba ndemanga zoposa 70,000 zoyamikira katundu wa kampaniyo. Coupang inatsutsa chigamulocho, ponena kuti sitolo iliyonse ili ndi ufulu woyala katundu wake mmene ikufunira. Mfundo imeneyi si yopanda pake. Supamaketi iliyonse imaika katundu wa dzina lake pa shelefu yooneka bwino ndipo palibe amene amadabwa. Kusiyana kwake n'kwakuti supamaketi siuza kasitomala kuti shelefu yasanjidwa motsata zimene anthu amakonda, pomwe mndandanda wa pa intaneti umadzionetsa ngati chigamulo cha makina osakondera.

Kwa abale athu amene akukhala kapena kuchita malonda ku South Africa, nkhaniyi si yakutali. Mu July 2023 Competition Commission ya dzikolo inatulutsa lipoti lomaliza la kafukufuku wake wa misika ya pa intaneti, ndipo Takealot, msika wa pa intaneti wa kumeneko umene mwini wake ndi kampani ya Naspers, inapatsidwa zoti ikonze. Inauzidwa kuti ilekanitse nthambi yake yogulitsa katundu ndi nthambi yoyendetsa msika wa ogulitsa ena, ichotse lamulo loletsa ogulitsa kutchipitsa katundu pamasamba awo, ndiponso ikonze Buy Box yake kuti izionetsa wotchipa kwambiri pambali pa wofikitsa msanga. Amazon nayo inatsegula tsamba lake la South Africa mu May 2024, choncho wogulitsa wa ku Johannesburg tsopano akulimbana ndi kasanjidwe ka misika iwiri.

Pamene malo apamwamba ali ndi mtengo wotere, achinyengo sangasowe. Popeza pulogalamu imakhulupirira malonda ndi ndemanga, ena amangopanga malonda abodza ndi ndemanga zabodza. Njira ina yotchuka, imene inakula kwambiri pa misika ya ku China monga Taobao, ndi yodzigula wekha pogwiritsa ntchito maakaunti a maina a anthu ena, n'kutumiza kaphukusi kopepuka ku adiresi yeniyeni kuti makina aone ngati katundu wafikadi, kenako n'kudzilembera ndemanga ya nyenyezi zisanu. Mu 2020 anthu ambiri ku America ndi ku Britain analandira timapaketi ta mbewu tochokera ku China timene sanaitanitse, ndipo unduna wa zaulimi ku America unati zikuoneka kuti unali mchitidwe womwewu. Ena amaika kakhadi m'bokosi kolonjeza mphatso kwa wolemba ndemanga yabwino. Mu 2021 Amazon inachotsa maina a katundu pafupifupi 600 a makampani a ku China ndi maakaunti pafupifupi 3,000 chifukwa cha zimenezi, kuphatikizapo maina otchuka pa zamagetsi monga Aukey, Mpow ndi RAVPower. Palinso nkhanza yolunjika kwa mnzako: kumulembera ndemanga zoipa zabodza, kapena kumuneneza kuti katundu wake ndi wa feki kuti tsamba lake liimitsidwe pa nyengo ya malonda ambiri. Ngakhale atapezeka wosalakwa pakatha milungu itatu, malo ake amapeza atapita. America inakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza mu 2024, koma wogulitsa woona mtima amapikisanabe ndi amene sanagwidwe.

Maboma ayesa njira ziwiri. Yoyamba ndi kukakamiza misika kuulula. Kuyambira mu July 2020, lamulo la European Union limafuna kuti misika ya pa intaneti ifotokozere ogulitsa mfundo zikuluzikulu zimene imatsata posanja katundu, komanso inene ngati kulipira kumakhudza malo. N'chifukwa chake masiku ano mumapeza masamba ofotokoza kasanjidwe. Koma kuuzidwa kuti mtengo, ndemanga ndi liwiro zimawerengedwa sikukuuzani kuti chilichonse chimalemera bwanji, ndipo misika ili ndi chifukwa chomveka chosaululira zonse, poti ikatero achinyengo aja ndiye ayamba kupindula. Mpata umenewu ndi umene wadzaza ndi alangizi ogulitsa maphunziro a mmene ungakwerere pa nambala 1, ambiri mwa iwo akugulitsa zongoganizira.

Njira yachiwiri ndi kuletsa kudzikondera. Mu December 2022 Amazon inalonjeza European Commission kuti siidzagwiritsanso ntchito zinsinsi za malonda a ogulitsa ena pothandiza nthambi yake yogulitsa, kuti idzasankha wopata Buy Box mosakondera, ndiponso kuti idzaonetsa wogulitsa wachiwiri pambali pa woyamba ngati mtengo kapena nthawi yofikitsira zikusiyana mokwanira. Britain inalandira malonjezo ofanana mu November 2023. Kuyambira March 2024, lamulo la Digital Markets Act limaletsa makampani akuluakulu a pa intaneti, Amazon ili m'gulumo, kuika katundu wawo patsogolo pa wa ena pamndandanda. Kutsimikiza kuti lamulo lotere likutsatidwa ndi ntchito yovuta, chifukwa kukondera sikufuna kuti wina alembe mu pulogalamu kuti katundu wathu akhale pamwamba. Kungopatsa mphamvu yochulukirapo mfundo imene katundu wako amapambana kale, monga kufika tsiku lotsatira, kumabala zotsatira zomwezo. Ndipo malamulo onsewa sakhudza kwenikweni malo a lendi aja, amene ndi ololedwa malinga alembedwe kuti ndi olipira.

Pakali pano mndandanda weniweniwo ukuchepa. Mu February 2024 Amazon inayambitsa Rufus, pulogalamu yocheza nayo imene wogula amaifunsa ngati akufunsa munthu wa m'sitolo, iyo n'kumusankhira zinthu zochepa. Pa tsamba lakale, wa nambala 15 ankakhalabe ndi mwayi wakuti wogula wodekha atsitsa n'kumupeza. Pa yankho la zinthu zitatu kapena zisanu, wa nambala 15 kulibe. Chaka chomwecho chisanathe, Amazon inayamba kuyesa kuika zotsatsa zolipira mkati mwa mayankho a Rufus.